CIMANGA CA M'BOKOSI

 Madzulo ano ndifuna kuceza nanu za cinthu cimene ambiri a inu mumaciona m'masitoro akuru a m'tauni. Ndilo bokosi lija lojambulidwa tambala wobiriwira wa lipombo lofiira, lolembedwa dzina lakuti Kellogg's, limene ana athu amalilirira tikapita nao kogula. Kodi m'bokosimo muli ciani? Linacokera kuti? Nanga ife alimi a cimanga ndi ana a alimi tingaphunzirepo ciani?

Ndiyambe ndi zimene zinandicitikira ine mwini. Tsiku lina, nditalandira malipiro a pa mwezi, ndinagula bokosi limodzi kuti ndikaonetse ambuya anga kumudzi kwathu ku Kasenengwa. M'mawa ndinathira pang'ono m'mbale ndi kuikamo mkaka. Iwo anatola kamodzi, nakayang'anitsitsa, nakatafuna, ndipo anafunsa kuti, "Kodi mdzukulu wanga, timasamba touma timeneti n'ta mtengo wanji?"

Ndinayankha kuti, "Iai ambuya, si masamba. N'cimanga cimeneci."

"Nanga wagula ndarama zingati?"

Pamene ndinawauza, anagwira pakamwa, naloza nkhokwe yao, nati, "Ngati cimanga ciri ndi mtengo wotere, ndiye kuti ine ndine wolemera kuposa mfumu, koma sindidziwa."

Tinaseka tonse pakhonde paja. Koma pobwerera ku nchito mau ao sanandicoke m'mutu, pakuti ambuya anafunsa funso lalikuru ndithu. Cimanga cikacoka m'munda mtengo wace ndi wocepa, cikalowa m'bokosi mtengo wace ukwera kwambiri. Ndarama zapakatizo zipita kwa yani?

ABALE AWIRI A KU BATTLE CREEK

Nkhani yace iyambira ku America, m'tauni ya Battle Creek, m'cigawo ca Michigan. Kumeneko kunali nyumba yociritsiramo odwala ya mpingo wa Seventh-day Adventist, mpingo womwewo umene ife a kum'mawa tiudziwa cifukwa ca cipatala ca Mwami. Kuyambira mu 1876 woyang'anira wace anali Dr. John Harvey Kellogg. Dotolo ameneyu anakhulupirira kuti nthenda zambiri ziyambira m'mimba, kotero analetsa odwala ace nyama, mowa, fodya ndi khofi, nawapatsa zakudya za dzinthu ndi zipatso.

Dotoloyo anali ndi mng'ono wace, Will Keith Kellogg, amene anabadwa mu 1860. Iyeyu sanapite patali ndi sukulu. Paunyamata wace anali kugulitsa masace amene atate wace anali kupanga, ndipo pambuyo pace analowa nchito kwa mkuru wace, nakhala mlembi wa ndarama ndi mtumiki wa zonse kwa zaka zoposa makumi awiri. Malipiro anali ocepa, nchito inali ya usana ndi usiku, ndipo ulemu wonse unali kupita kwa dotolo.

Mu 1894 abale awiriwa anali kuyesa kupanga cakudya ca tirigu cosabvuta kugaya m'mimba. Tsiku lina anaphika tirigu, koma anamsiya nthawi yaitari cifukwa ca nchito zina. Pobwerera sanafune kumtaya, tsono anampititsa pakati pa zitsulo ziwiri zozungulira, ndipo anadabwa kuona kuti njere iriyonse yaphwaphwatika payokha ngati katsamba. Atakazinga timasambato anapatsa odwala, ndipo odwalawo anakonda kotero kuti ena atabwerera kwao anali kulemba makalata kuti awatumizire. Patapita zaka zowerengeka abalewo anayesanso ndi cimanga, ndipo pamenepo ndi pamene panabadwira corn flakes.

Akuru anati ubale ndi fupa suola, koma wa awiriwa unayesedwa koopsa. Dotolo anaona cakudyaco ngati mankhwala a odwala ace, ndipo sanafune kuti mulowe shuga. Mng'ono wace anaciona ngati malonda, ndipo anadziwa kuti anthu sagula kawiri cinthu cosakoma. Anali ataonanso munthu wina, C. W. Post, amene anabwera ku Battle Creek ali wodwala, koma mu 1895 anatsegula kampani yace ya zakudya zonga zomwezo, nalemera msanga. Tsono mu Febuluwale 1906, ali ndi zaka 45, Will Keith anayamba kampani yace ya Battle Creek Toasted Corn Flake Company. Abalewo anasumirana ku khoti polimbirana dzina la atate wao, ndipo mu 1920 mlandu unakomera wamng'ono. Mu 1922 kampaniyo inachedwa Kellogg Company. Onse awiri anamwalira ali ndi zaka 91, wamkuru mu 1943, wamng'ono mu 1951, osayanjananso bwino.

Cinamlemeretsa Will Keith n'ciani, popeza opanga zakudya zotere anali ambiri m'tauni yomweyo? Iye anadziwa mphamvu ya dzina. Pa bokosi liri lonse anasindikiza dzina lace monga momwe analilembera ndi dzanja, kuti wogula adziwe ceniceni ndi cabodza. Ndarama zambiri anazithira pa kulengeza malonda m'manyuzipepala. Ngakhale fakitale yace inapsa ndi moto mu 1907, anamanga ina yaikuru koposa, pakuti dzina linali litalowa kale m'makutu a anthu.

MMENE AMAPANGIRA

Amai a kwathu akadalowa m'fakitale yotere sakadadabwa kweni-kweni, pakuti poyambira pace ndi pamene iwo ayambira. Cimanga amacikonola ndi makina, kucotsa gaga ndi kamtima kaja kamene kali ndi mafuta, ndipo cotsala ndi mphale monga wa mumtondo. Mphaleyo amamphika ndi nthunzi m'zimiphika zazikuru zotsekedwa, pamodzi ndi shuga, mcere ndi cimera. Atamuumika pang'ono, amampititsa pakati pa zitsulo zolemera zimene zimaphwaphwata njere iriyonse, nakazinga timasambato pa moto waukali kwa kanthawi kocepa. Potsiriza amaonjezamo mavitamini ndi ayironi, cifukwa zabwino zina zinapita ndi gaga, ndipo amatsekera m'thumba losalowa mphepo kuti cakudyaco cikhale miyezi yambiri cosaonongeka.

Taonani tsono zimene wogula alipirira. Alipirira cimanga pang'ono, koma makamaka alipirira makina, magetsi, anchito, bokosi, galimoto yonyamula, msonkho wa pa malire, phindu la mwini sitoro, ndi dzina. Yankho la funso la ambuya anga ndi limenelo. Ndarama zambiri ziri pa nchito imene icitika cimanga citacoka kale m'manja mwa mlimi.

ZA ANCHITO

Inu a ku migodi mudziwa bwino za mashifiti, kotero mverani ici. Mu 1930, pamene malonda anagwa pa dziko lonse ndipo anthu miyanda-miyanda anacotsedwa nchito, fakitale ya ku Battle Creek inasintha kagwiridwe kace. M'malo mwa mashifiti atatu a maora asanu ndi atatu, inaika mashifiti anai a maora asanu ndi limodzi, kuti anthu ena amene anali pa ulova apeze nchito. M'zigawo zina za fakitale dongosolo limeneli linakhalabe kufikira 1985. Caka comweco ca 1930 mwini kampani anakhazika bungwe la W. K. Kellogg Foundation, nalipatsa cuma cace cambiri kuti lithandize pa umoyo ndi maphunziro a ana.

Koma tisaganize kuti m'kampani yaikuru mumakhala mtendere masiku onse. Mu Okutobala 2021 anchito pafupi-fupi 1,400 a m'mafakitale anai a ku America ananyanyala nchito. Cifukwa cacikuru cinali cakuti olowa nchito catsopano anali kulandira zocepa kuposa anzao akale, ngakhale nchito inali imodzi. Sitalakayo inatha mu Disembala, atagwirizana pangano latsopano. Mlandu wotere si wacilendo kwa munthu amene anagwirapo nchito ya kontrakiti pambali pa mnzace wolembedwa ndi mgodi.

KUFALIKIRA KWACE

Kucokera ku Battle Creek kampani inaoloka nyanja. Inatsegula fakitale ku Sydney mu 1924, ku Manchester mu 1938, ndi ku Springs, tauni ya migodi ya golide kum'mawa kwa Johannesburg, mu 1948. Zakudya zace nazo zinacuruka. Kunabwera All-Bran mu 1916, imene iri gaga wa tirigu. Rice Krispies mu 1928, ya mpunga. Frosted Flakes mu 1952, imene iri corn flakes yomweyo yokutidwa ndi shuga. Special K mu 1955. Ndi Pop-Tarts mu 1964.

M'kupita kwa zaka anthu a ku America anayamba kucepetsa kudya zam'mawa za m'mbale, nakonda zotafuna poyenda. Kampani inatsata ndarama kumene zinali kupita. Mu 2001 inagula Keebler, kampani ya mabisiketi, ndipo mu 2012 inagula Pringles, timbatata tija ta m'citini cacitari. Mu Okutobala 2023 inagawika pawiri. Mbali imodzi, WK Kellogg Co, inatenga zakudya zam'mawa za ku North America. Mbali ina, Kellanova, inatenga zotafuna pamodzi ndi malonda a m'maiko ena onse, Africa yomwe. Mu 2024 kampani ya Mars, yopanga cokoleti, inagwirizana kugula Kellanova ndi madola pafupi-fupi 36 biliyoni, ndipo mu 2025 kampani ya Ferrero ya ku Italy inagula WK Kellogg Co ndi madola 3.1 biliyoni. Motero dzina limene abale awiri analimbirana ku khoti lapita m'manja mwa eni ena. Ogulawo sanapereke cuma conseco cifukwa ca cimanga, pakuti cimanga ciri ponse-ponse. Anagula maina amene anthu awakhulupirira.

NANGA KWATHU?

Tibwerere tsopano ku Kasenengwa. Dera limeneli linali mbali ya boma la Chipata kufikira 2018, pamene linakhala boma palokha. Ndi dziko la alimi a cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa ndi thonje. Ndi komweko, pa Mtenguleni, kumene Angoni amasonkhana mu Febuluwale pa mwambo wa Nc'wala, kuti Inkosi ya Makosi Mpezeni ilawe zipatso zoyamba za m'munda. Pafupi pomwepo, pa Msekera, akatswiri a zaulimi akhala akuyesa mbeu za nshawa kwa zaka zambiri. Nshawa za Chalimbana za kwathu zinali zochuka, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 zinali kugulidwa mpaka ku Europe. Malondawo anagwa pambuyo pace, ndipo cimodzi mwa zifukwa zace cinali cuku, cimene cimamera pa nshawa zosaumikidwa bwino ndi kusiyamo poizoni woononga ciwindi.

Bvuto la mlimi wa kwathu ndi lakale. Amagulitsa mbeu zace zosakonzedwa, ndipo amazigulitsa nthawi yokolola, pamene aliyense ali nazo ndipo ogula oyenda ndi masikelo m'midzi achula mtengo umene afuna. Mu 2024, caka ca cirala coopsa, bungwe la Food Reserve Agency linagula thumba la makilogalamu 50 pa K330, ndiko kuti K6.60 pa kilogalamu imodzi. Mukalowa m'sitoro, yang'anani mtengo wa bokosi la corn flakes ndi kulemera kwace, muwerengere nokha kilogalamu imodzi, ndipo muyerekeze. Mudzagwira pakamwa monga ambuya anga.

Koma si kuti palibe amene ayesa. Mu Chipata momwemo muli fakitale ya COMACO, ndiko kuti Community Markets for Conservation, bungwe limene linayamba mu 2003 m'cigwa ca Luangwa motsogozedwa ndi Dale Lewis, katswiri wa za nyama za m'chire. Iye anaona kuti munthu amene achera misampha ya waya kawiri-kawiri si woipa mtima, koma wanjala. Tsono bungwe linapangana ndi anthu a m'midzi kuti apereke mfuti ndi mawaya ao, aphunzire kulima kosunga nthaka, monga kusatentha mapesi ndi kubzala mitengo ya gliricidia imene ibwezera conde, ndipo bungwe lidzagula zokolola zao pa mtengo wabwino. Alimi amene alowamo m'zigawo zosiyana-siyana za dziko aposa 200,000.

Zokololazo sizigulitsidwa zosakonzedwa. Zipita ku fakitale, ndipo zituruka ndi dzina lakuti It's Wild! Nshawa zisanduka ciponde ca m'botolo. Mpunga wa ku Chama ulongedwa m'mapaketi, ndipo uci wa m'nkhalango usefedwa. Cimanga ndi soya zisanduka Yummy Soy, ufa wa phala wophika kale, umene ungofuna madzi otentha kapena mkaka. Poyamba nchitoyi, akatswiri a kampani ya General Mills ya ku America, imene ipikisana ndi Kellogg pa malonda a zakudya zam'mawa, anapereka nzeru zao za kakonzedwe ka cakudya. Fakitale ya ku Chipata ndi yaing'ono zedi poiyerekeza ndi ya ku Battle Creek, koma njira yace ndi yomweyo imene Will Keith anaiona: kukonza mbeu, kuziika m'paketi yoyera, ndi kuzipatsa dzina. Kusiyana kwace ndi kwakuti pano ndarama zina zitsalira m'dera la olima.

MAU ATATU KWA OGULA

Sindirikunena kuti musagule corn flakes, iai. N'cakudya caukhondo, cosacedwa kukonza, ndipo munthu wopita ku shifiti ya m'bandakuca alibe nthawi yosonkha moto. Koma ndiri ndi mau atatu.

Coyamba, werengani zolembedwa kumbali kwa bokosi. Akuru anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mitundu ina, makamaka ija yojambulidwa zinyama zokopa ana, iri ndi shuga wofika pafupi-fupi limodzi la magawo atatu a kulemera kwace. Mwana akazolowera zotsekemera m'mawa muli monse, mano ace adzaola, ndipo phala adzayamba kulikana. Nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa mwazi nazo zirikucuruka m'matauni mwathu.

Caciwiri, musanyoze za kwanu. Pa magalamu 100 a corn flakes, cakudya comanga thupi cimene acicha puloteni ciripo magalamu 7 kapena kuyandikira pamenepo. Pa magalamu 100 a nshawa ciripo pafupi-fupi magalamu 25, ndipo pa soya ciposa 35. Kotero phala la mgaiwa lothira nsinjiro, limene amai anu anakulererani nalo, lipambana pomanga thupi la mwana ndipo likhalitsa m'mimba. Anansi athu a ku Malawi anazindikira ici kale, ndi cifukwa cace ali ndi Likuni Phala la cimanga ndi soya. Nkhaniyi si yamasewera, pakuti kafukufuku wa boma wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osafika zaka zisanu m'Zambia, ana 35 anali opinimbira. Mwana wopinimbira abvutika ndi m'kalasi momwe. Bambo amene atha ndarama za nshawa, mazira ndi kapenta pogula bokosi lokongola kuti anansi amuone, wamana mwana wace ngakhale aganiza kuti wamkonda. Ndi zotafuna zomwe, kandolo wophika, ciwaya ndi nshawa zokazinga sizicepa pamaso pa timapaketi tamcere ta pa kantemba.

Cacitatu ndi ca inu amene muli ndi ndarama pang'ono zimene mwasunga, ndi inu amene mwatsala pang'ono kupuma nchito ya mgodi ndipo mulikuganiza zobwerera kumudzi. Ambiri akalandira ndarama zao zomariza amagula minibasi kapena kutsegula bara, ndipo zaka ziwiri zisanathe zonse zapita. Taganizani za makina okazingira ndi kupera nshawa, ofinyira mafuta a mpendadzuwa, kapena cigayo. Mutu umodzi susenza denga: anthu khumi a m'cigwirizano ca alimi angathe kugula cimene mmodzi sangathe. Koma dziwani kuti nchitoyo ifuna mwambo. Nshawa ziume bwino ndi kusankhidwa kuti musakhale cuku, malo akhale aukhondo, katundu ayesedwe ndi a boma oona za miyezo, ndipo kukoma kwa lero kukhale kukoma kwa mawa. Dzina labwino limangidwa pang'ono-pang'ono, koma botolo limodzi loipa liligwetsa tsiku limodzi.

Cimanga cimene Will Keith Kellogg analemera naco sicinasiyane ndi cimene ciri m'nkhokwe ya ambuya anga. Iye anali ndi makina, cipiriro ndi dzina, ndipo anayamba ali ndi zaka 45, msinkhu umene ambiri a ife timati nthawi yatha. Ndikapitanso ku Kasenengwa sindidzanyamula bokosi la tambala. Ndidzanyamula paketi ya phala lopangidwa ku Chipata, ndipo ndidzawauza ambuya kuti kapena muli soya wa m'munda wa mnansi wao. Ndidziwa adzafunsanso mtengo, ndipo adzafunsanso kuti mlimi walandirapo zingati. Funso limenelo tiyenera kulifunsa tonse, nthawi iri yonse pamene titola cakudya pa shelefu.